Afiti analosera, mkazi anakakamiza, koma anagwira mpeni ndi Macbeth

Aliyense amene anawerengapo sewero la William Shakespeare la Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE anakumana nalo funso ili: ndani anachititsa kuti Macbeth aphe mfumu Duncan? Yankho limene ambiri tinaloweza linali logawa mlandu patatu. Gawo lina kwa afiti amene analosera kuti adzakhala mfumu, lina kwa mkazi wake amene anamukakamiza, lotsalalo kwa mwini wakeyo. Yankho limeneli landivuta kwa nthawi yaitali chifukwa limasakaniza mafunso awiri osiyana. Kufunsa chimene chinamufikitsa munthu poipa n'kwina, kufunsa ngati chinthucho chikumuchotsera mlandu n'kwinanso. Akuluakulu pabwalo la milandu amadziwa kusiyanitsa zimenezi. Amamvetsera zonse zimene zinatsogola, koma pamapeto amafunsa kuti dzanja linali la yani, ndiponso ngati mwini dzanjalo ankadziwa chimene akuchita.

Tisanamuone Macbeth ndi maso timayamba tamva mbiri yake kwa msilikali wovulala amene akufotokozera Duncan za nkhondo. Akuti Macbeth anamung'amba woukira uja Macdonwald kuyambira pamchombo mpaka kunsagwada, mutu wake n'kuupachika palinga. Magazi sanali achilendo kwa iye, kungoti awa anali magazi a kunkhondo, okhetsedwa m'dzina la mfumu, ndipo mfumuyo inamutamanda. Pomwepo Duncan analamula kuti nduna yolamulira dera la Cawdor, imene inagwirizana ndi adani ochokera ku Norway, iphedwe, ndipo udindo wake upatsidwe kwa Macbeth. Nduna zoterezi ku Scotland zinkatchedwa Thane. Lamuloli linaperekedwa Macbeth asanakumane ndi afiti, ndipo Shakespeare anasanja choncho dala.

Afiti atatu aja atamupeza m'thengo ali ndi mnzake Banquo, anamulonjera katatu: Thane wa Glamis, Thane wa Cawdor, ndi mfumu ya m'tsogolo. Udindo wa Glamis anali nawo kale chimwalirireni bambo ake. Wa Cawdor anali atapatsidwa kale, uthenga wokha ndi umene unali panjira ndi nduna ina yotchedwa Ross. Choncho pa malonje atatuwo, awiri sanali ulosi konse, inali nkhani yochitika kale imene mwini wake anali asanaimve yonse. Lachitatu lokha ndilo linali la m'tsogolo, ndipo mukaliunika mupeza kuti mulibe tsiku, mulibe njira, mulibe dzina la Duncan, mulibe mpeni. Afitiwo sanamuuze kuti aphe munthu, kaya tsiku limenelo kaya tsiku lina lililonse m'sewero lonseli.

Nanga ganizo lakupha linachokera kuti? Woyamba kuona kuti china chake chavuta anali Banquo, amene anamufunsa mnzakeyo chifukwa chimene wadzidzimukira ndi kuoneka wamantha pa mawu okoma chonchi. Munthu wouzidwa zabwino zimene sanaziganizirepo amaseka kapena kudabwa. Amene amanjenjemera ndi uja wamva chinsinsi cha mumtima mwake chikutchulidwa pagulu. Ross atangofika ndi uthenga wa Cawdor, Macbeth anapatuka n'kuyamba kudzilankhulira, ndipo anavomera kuti m'mutu mwake mwabwera chithunzi choopsa chimene chikuimitsa tsitsi ndi kugunditsa mtima. Mawu oti kupha anawatchula yekha, mkazi wake ali kutali kwawo ku Inverness asakudziwa kanthu. Kenaka ananena chinthu chimene kwa ine ndi umboni waukulu pa mlandu wonsewu: ngati mwayi ukufuna kuti akhale mfumu, mwayi womwewo ungathe kumuveka chisoti popanda iye kuchitapo kanthu. Njira yodikira anaiona bwinobwino, anaitchula ndi pakamwa pake.

Banquo anamva mawu a afiti omwewo, pamalo omwewo, ndipo naye anapatsidwa lake lonjezo, loti sadzakhala mfumu koma adzabereka mafumu. Anamuchenjeza mnzakeyo kuti mizimu ya mumdima imatiuza zoona pa tinthu tating'ono kuti itikope, kenaka itipereke pa zazikulu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Banquo sanali woyera mtima wopanda mayesero. Usiku womwe Duncan anaphedwa, iye anavomera kuti analota afiti aja, ndipo anapemphera kuti amphamvu achifundo amuletse maganizo otembereredwa amene amabwera munthu akagona. Pambuyo pake anamukayikira Macbeth koma anakhala chete, mwina poyembekezera kuti lonjezo la ana akelo likwaniritsidwe, ndipo kukhala chete kumeneko ndi banga pa iye. Komabe sanaphe munthu. Oŵerenga Baibulo akukumbukira Davide, amene anadzozedwa ndi Samueli kuti adzakhala mfumu, n'kumupeza Sauli kawiri konse ali poti akanatha kumupha, kuphanga kuja ndi kumsasa ali mtulo, anzake akumuuza kuti mwayi ndi umenewu. Davide anakana. Lonjezo la ufumu silikhala chilolezo chakupha amene ali pampando.

Mphamvu za afitiwa nazonso zili ndi malire, ndipo akuulula okha. Macbeth asanafike, mmodzi wa iwo ankasimba za mkazi wa woyendetsa chombo amene anamumana chakudya, ndipo pobwezera anati amuzunza mwamuna wake panyanja, amusowetsa tulo, amuwondetsa. Koma anavomera kuti chombocho sangachimize, angathe kungochiwomba ndi namondwe. Ndi mmenenso anachitira ndi Macbeth. Mphepo anabweretsa, chiwongolero chinatsala m'manja mwa mwini chombo.

Anthu amene anayamba kuonera seweroli cha m'ma 1606 sankatenga ufiti ngati nthano. Mfumu yawo, James, amene analamulira Scotland n'kudzatenganso ufumu wa England mu 1603, ankakhulupirira kuti afiti anadzutsa namondwe kuti amumize pochokera ku Denmark ndi mkazi wake Anne. Pa milandu ya ku North Berwick imene inayamba mu 1590, iye mwini anakhala nawo pofunsa mafunso mayi wina, Agnes Sampson, amene anazunzidwa n'kuphedwa mu 1591. Mu 1597 James anatulutsa buku lake la ufiti lotchedwa Daemonologie, ndipo mu 1604 lamulo la ufiti ku England linakhwimitsidwa. Komabe chiphunzitso cha nthawiyo chinali choti mdierekezi amayesa munthu podzera pa chilakolako chimene munthuyo ali nacho kale. Sankamuona ngati wokhoza kugwira dzanja la munthu n'kulibayitsa. Ngakhale kwa anthu okhulupirira ufiti ndi mtima wonse, kunena kuti "afiti anandiuza" sikunali kothetsa mlandu.

Pali mfundo imodzi ya mbali inayo imene sindingaithawe. Dzina loti Weird Sisters limene afitiwa amatchedwa m'seweroli likuchokera ku liwu lakale la Chingerezi lotanthauza zoikika, zimene munthu sangazipewe, ndipo buku la mbiri la Raphael Holinshed limene Shakespeare anatengako nkhaniyi limati ena ankawaona ngati milungu yaikazi yoika tsogolo la anthu. Zonse zimene analosera zinachitikadi. Wina angati ngati zinalembedwa, Macbeth akanatani? Koma kudziwa kuti chinthu chidzachitika si kuchichititsa. Ngakhale titavomera kuti ufumu unali woikika, njira yofikira pamenepo sinatchulidwe. Ndipo tiona posachedwa kuti Macbeth mwini wake sankakhulupirira kuti ulosi sungasinthidwe.

Atafika kwa mfumu, Duncan analengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowe ufumu, n'kumupatsa udindo wa Kalonga wa Cumberland. Kale ku Scotland ufumu sunkangochoka kwa bambo kupita kwa mwana, unkatha kupita ku nthambi ina ya banja lachifumu, ndipo Macbeth, pokhala mbale wa Duncan komanso ngwazi ya nkhondo, anali ndi chifukwa choyembekezera. Kulengezaku kunamutsekera khomo. Pomwepo anadziuza kuti Malcolm ndi chopunthwitsa chimene ayenera kugwerapo kapena kuchilumpha, n'kupempha nyenyezi kuti zibise kuwala kwake kuti zilakolako zake zakuda zisaoneke. Apanso mkazi wake anali asanalowe m'nkhaniyi.

Tsopano tifike kwa Lady Macbeth, ndipo sindikufuna kumuchepetsera mlandu ngakhale pang'ono. Atawerenga kalata ya mwamuna wake yosimba za mawu a afiti, sanazengereze. Anamudziwa bwino mwamunayo: ufumu akuufuna, koma ali ndi mkaka wa chifundo wochuluka, safuna kuchita chinyengo koma akufuna kupata chimene si chake. Mawu amenewa akusonyeza kuti khumbolo analipeza lilipo kale, iye anangoona kuti likusowa kulimba mtima. Anaitana mizimu kuti imuchotse ukazi wake, imudzaze nkhanza kuyambira kumutu mpaka kuphazi, itseke njira ya chisoni. Munthu wouma mtima mwachibadwa sachita kupempha zimenezi. Dongosolo la usikuwo anakonza ndi iye, alonda awiri a mfumu analedzeretsa ndi iye, mipeni anaika pamalo ndi iye. Pa imfa ya Duncan, mayiyu ndi wakupha mnzake wa mwamuna wake, ndipo bwalo lililonse likanamugamula choncho.

Koma taonani zimene zinachitika Duncan ali pachakudya m'nyumba mwawo. Macbeth anatuluka yekha n'kuyamba kudziweruza. Anati mfumuyi ili pano mondikhulupirira pawiri. Ndine mbale wake komanso munthu wake, ndiponso ndine mwini nyumba, woyenera kutsekera chigawenga chitseko, osati kunyamula mpeni ndekha. Ife amene timati mlendo ndi mame sitifunika kutifotokozera kulemera kwa mawu amenewa. Anawonjezera kuti Duncan walamulira mofatsa ndi mwachilungamo moti imfa yake idzaliritsa dziko. Anadziwanso kuti wophunzitsa anthu kukhetsa magazi, magaziwo amadzamubwerera. Kenaka anafufuza mumtima mwake chifukwa chochitira zimenezi ndipo anapeza chimodzi chokha: khumbo la ukulu, limene analifanizira ndi munthu wolumphira pakavalo mopitiriza muyeso n'kukagwera mbali inayo. Ali yekha, popanda womunamiza, sanatchule afiti, sanatchule mkazi. Anadzitchula yekha.

Mkazi wake atamupeza, Macbeth anati nkhaniyi ithere pomwepa. Apa ndi pamene ambiri amati, mwaona, munthuyu anali atasiya. N'zoona anali atasiya, koma mvetserani chifukwa chimene anamuuza mkaziyo. Za ubale, za ulendo, za ubwino wa Duncan, zonse zija sanazitchule. Anangoti mfumu yandilemekeza posachedwa, ndipo anthu akundinenera zabwino, mbiri imeneyi ili ngati chovala chatsopano chimene sindikufuna kuchivula msanga. Mpanda wofooka chonchi sunachedwe kugwa. Mkaziyo anamutcha wamantha, anamufanizira ndi mphaka wa m'mwambi wa kwawoko wofuna nsomba koma woopa kunyowetsa mapazi, anati chikondi chakenso adzachiyesa chotero, anati unali mwamuna pamene unkalimba mtima kuchita zimenezi. Anafika ponena kuti akanakhala kuti analumbira monga analumbirira mwamunayo, akanamuchotsa kubere mwana wake woyamwa n'kumuphwanya mutu. Ndi mawu oopsa, olasa pamene msilikali amamva kuwawa kwambiri. Koma pakati pa mawu amenewa pali funso limene ambiri timalidumpha. Macbeth atanena kuti angathe kuchita zonse zoyenera mwamuna, mkaziyo anamufunsa kuti nanga n'chilombo chanji chimene chinakuchititsa kundiyambitsira nkhaniyi. Anamukumbutsa kuti pa nthawiyo mpata unalibe, ndipo iye ankafuna kuupanga yekha. Macbeth sanakane.

Yankho lake pa zonsezi linali funso lalifupi loti nanga tikalephera. Sanafunsenso ngati n'koyenera. Chimene chinatsala mumtima mwake chinali mantha ogwidwa, ndipo mkaziyo atamuonetsa mmene mlandu ungagwere alonda, munthu anatsitsimuka. Anawonjezerapo nzeru yake, yoti alondawo apakidwe magazi ndipo agwiritse ntchito mipeni yawo yomwe. Munthu wokokedwa pamphuno sawonjezera nzeru pa chiwembu.

Ndipo pofika pa chitseko cha chipinda cha Duncan, anali yekha. Mkazi uja wolankhula zophwanya mutu wa khanda analowamo kale n'kutuluka osachita kanthu, ndipo anavomera yekha kuti akanapha, koma nkhalambayo pogona inafanana ndi bambo ake. Macbeth anaona mpeni ukulendewera m'malere, anadzifunsa ngati ndi weniweni kapena ndi ubongo wotentha, ndipo anazindikira kuti ukumulozera kumene ankapita kale. Anali ndi nthawi yobwerera. Belu litalira, anapita.

Kwathu kuno mwamuna akachita chonyansa timafulumira kunena kuti anamudyetsa khuzumule, kapena kuti mkazi uja ndiye anamupusitsa. Chizolowezichi n'chakale ngati Adamu m'munda muja, amene atafunsidwa analoza mkazi. Chimene sitiona n'chakuti mawu otere amamusandutsa mwamunayo mwana wopanda nzeru zake, pamene tsiku lina lililonse timamutcha mutu wa banja. Macbeth anatsogolera asilikali pa nkhondo ziwiri tsiku limodzi. Kunena kuti ayi kwa mkazi wake sikunali kopitirira mphamvu zake, ndipo anali atanena kale kamodzi.

Ngakhale wina ataumirira kuti pa Duncan mlandu ugawidwe, zimene zinatsatira sizigawika. M'mawa mwake Macbeth anapha alonda awiri aja asanatsegule pakamwa, chinthu chimene sichinali m'dongosolo la mkazi wake. Atalongedwa ufumu ku Scone, mtima wake unatembenukira kwa Banquo. Apa mpamene nkhani ya ulosi imagwera pansi. Ngati Macbeth ankakhulupirira kuti mawu a afiti sangalephereke, ndiye kuti sanafunikire kupha Duncan, komanso kufuna kupha Banquo ndi mwana wake Fleance kunali kutaya nthawi, popeza ana a Banquo adzalamulira basi. Ngati ankakhulupirira kuti mawuwo angasinthidwe ndi zochita za munthu, ndiye kuti sanali womangidwa nawo. Iye anatenga mbali zonse ziwiri malinga ndi pomukomera. Ulosi womupatsa ufumu anauthandiza ndi mpeni, ulosi wopatsa ufumu ana a mnzake anautsutsa ndi mpeni, mpaka kudzilankhulira kuti zoikikazo zibwere adzalimbane nazo mpaka imfa. Chimene sichinasinthe pa zonsezi ndi chofuna chake.

Polemba ganyu anthu okapha Banquo, anagwiritsa ntchito chida chomwe chija chimene mkazi wake anamulasa nacho. Anawafunsa ngati ali amuna enieni, nati agalu onse amatchedwa agalu koma pali osaka ndi ongokhala. Munthu amene anamva kuwawa kwa mawu amenewa anawatola n'kukalasa nawo ena, akudziwa bwino mmene amagwirira ntchito. Mkazi wake atafunsa chimene chikukonzedwa, anamuuza mwachikondi kuti asadziwe kanthu mpaka adzayamikire zitachitika. Kuchokera pamenepa Lady Macbeth salamuliranso kanthu. Paphwando pamene mzukwa wa Banquo unaonekera, anayesanso kumufunsa mwamunayo ngati ali mwamuna, koma mawuwo anali atatha mphamvu. Alendo atabalalika, Macbeth anaulula kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito amene amamulipira kuti azimuuza zonse, ndipo anati walowa m'magazi mpaka pakati pa mtsinje, moti kubwerera n'kotopetsa chimodzimodzi ndi kuwoloka. Sanati kubwerera n'kosatheka. Anati n'kotopetsa.

Ulendo wachiwiri afiti sanamufune, anawafunafuna yekha, ndipo anawalamula kuti amuyankhe ngakhale dziko litaphwasuka. Anamuonetsa zinthu zitatu: achenjere ndi Macduff, Thane wa Fife, palibe wobadwa mwa mkazi amene adzamupweteke, ndipo sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika ku phiri la Dunsinane. Apa afitiwo anamunyengadi, pakuti mawuwo anali a matanthauzo awiri ndipo cholinga chinali kumugonetsa tulo. Koma chinyengocho chinakhudza za chitetezo chake, sichinamutume kanthu. Atamva kuti Macduff wathawira ku England, analumbira kuti kuyambira tsopano chimene mtima waganiza dzanja lichite pomwepo, ndipo anatumiza anthu ku Fife kukapha mkazi wa Macduff, ana ake ndi onse a m'nyumbamo. Palibe mfiti imene inatchula mayi ameneyu. Palibe ulosi umene unanena za kamnyamata kaja kamene kanaphedwa kakuteteza dzina la bambo ake, kakuuza mayi ake kuti athawe. Lady Macbeth sanafunsidwe n'komwe. Imfa zimenezi sizinamuonjezere Macbeth chitetezo ngakhale cha tsiku limodzi. Ndikafika pamenepa powerenga, mafunso onse ogawa mlandu amandithera.

Mkazi uja amene usiku woyamba anati madzi pang'ono atichotsera zonsezi, timamupezanso akuyenda ali mtulo, akusamba m'manja mosalekeza, akudabwa kuti nkhalamba ija inali ndi magazi ochuluka chotere, akufunsa kuti mkazi wa Thane wa Fife ali kuti tsopano. Akusenza ngakhale imfa zimene sanazikonze, chifukwa akudziwa chitseko chimene anathandiza kutsegula. Dokotala womuona anati akufunika wansembe kuposa sing'anga. Mlandu wake ndi wake ndipo unamudya mpaka imfa, imene Malcolm pamapeto akuti anthu akuganiza kuti anadzipha. Koma mlandu si nsima yoti wina akatapa yako ichepe. Anthu awiri angathe kukhala olakwa kotheratu pa imfa imodzi.

Mbiri yeniyeni imatithandiza kuona chimene Shakespeare ankafuna. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057. Duncan weniweni sanali nkhalamba, ndipo anafera kunkhondo pafupi ndi Elgin, osati pabedi m'nyumba ya eni. Macbeth anakhazikika pampando moti mu 1050 anatha kupita ku Rome, kumene wolemba mbiri wina wa nthawiyo anati anamwaza ndalama kwa osauka ngati mbewu. Anaphedwa ku Lumphanan mu 1057 ndi gulu la Malcolm. Mkazi wake anali Gruoch, wa banja lachifumu. M'buku la Holinshed, limene linasindikizidwa kachiwiri mu 1587, Duncan ndi mfumu yofooka, Banquo ali nawo m'chiwembu, ndipo Macbeth akulamulira bwino zaka khumi asanasanduke wankhanza. Shakespeare anachotsa zonsezi. Za kupha mlendo usiku, kuledzeretsa alonda ndi mkazi wolimbikitsa anazitenga pa nkhani ina ya m'buku lomwelo, ya Donwald amene anapha mfumu Duff. Koma Donwald anatuma antchito ake anayi, pamene Macbeth wa m'sewero akubaya ndi dzanja lake. Zina mwa zosinthazi zinali ndi chifukwa cha ndale, popeza banja la James linkati linachokera kwa Banquo, ndipo James yemweyo ndiye ankasamalira gulu la zisudzo la Shakespeare. Komanso pa 5 November 1605 chiwembu chofuna kuphulitsa mfumuyo ndi nyumba ya malamulo ku London chinali chitangoululika, moti kupha mfumu sinali nkhani yoseweretsa. Komabe zotsatira zake n'zoonekeratu: paliponse pamene Macbeth akanapezera pothawira, wolembayo anatsekapo.

Nanga n'chifukwa chiyani timamumverabe chisoni, osangomuona ngati chigawenga wamba? Ena amaganiza kuti chisoni chimenechi chikutanthauza kuti munthuyo anakakamizidwa. Ine ndikuona kuti chimachokera kwina. M'nthano ya Agiriki ya Oedipus, munthu anapha bambo ake osadziwa kuti ndi bambo ake, akuthawa ulosi womwewo. Kumeneko tingakambe za kusadziwa. Macbeth anadziwa zonse. Anali ndi chikumbumtima chamoyo kuposa aliyense m'seweroli, chimene chinamuonetsa kuipa kwa chinthucho asanachichite, chinamutsamwitsa mawu oti Amen atangochichita, chinamuuza kuti wapha tulo, chinamuonetsa kuti nyanja yonse singatsuke dzanja lake. Timaonerera munthu wotere akupha chikumbumtima chakecho pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene anamva kulira kwa amayi m'nyumba mwake n'kunena kuti waiwala kakomedwe ka mantha. Atauzidwa kuti mkazi wake wamwalira, misozi inalibe, anangoona moyo ngati nthano yopanda tanthauzo. Chisoni chathu chili pa munthu amene akanakhala, amene anamuwononga yekha akuona. Kumuchotsera mlandu n'kumulanda chinthu chokhacho chimene chimamupanga munthu osati chidole cha afiti.

Funsoli si la m'kalasi mokha. M'zaka zapitazi dziko lathu lalira abale athu achialubino amene anaphedwa ndi anthu okhulupirira kuti ziwalo zawo zimabweretsa chuma. Kumbuyo kwa imfa zotere kumakhala wina amene analonjeza, ndipo nthawi zina wachibale amene analimbikitsa. Onsewo ayenera kuyankha. Koma palibe mayi woferedwa amene angavomere kuti wogwira chikwanje achepetseredwe mlandu poti anauzidwa kuti adzalemera.

Pa nkhondo yomaliza, asilikali a Malcolm atadula nthambi za ku Birnam n'kuzinyamula kuti abise kuchuluka kwawo, Macbeth anakumana ndi Macduff maso ndi maso. Mawu ake oyamba anali oti mwa anthu onse ndakhala ndikupewa iwe, bwerera, moyo wanga walemedwa kale ndi magazi a kwanu. Macduff atamuuza kuti iye sanabadwe monga abadwira ena, anachita kumutulutsa pong'amba mimba ya mayi ake nthawi isanakwane, Macbeth anatemberera mizimu yonyengayo chifukwa cholankhula mawu a matanthauzo awiri, osunga lonjezo m'khutu n'kuliphwanya pa chiyembekezo. Anaidandaula kuti inamunamiza za chitetezo chake. Sananene kuti inamuphetsa Duncan, Banquo kapena ana a ku Fife, ndipo kuyambira usiku wa ku Inverness mpaka Macduff atamudula mutu, palibe pamene ananena kwa mkazi wake kapena kwa wina aliyense kuti ndiwe unandichititsa.